Mashehe akasiyana mayankho, muchite chiyani?

Shehe wa kumzikiti kwanu akuti ukakhudzana khungu ndi mkazi wako, wudhu (kudziyeretsa ndi madzi pokonzekera Swala, pemphero la Asilamu) watha. Shehe wina wa mu vidiyo ya pa WhatsApp akuti sunathe. Achinyamata ambiri amandifunsa kuti wabodza ndani pamenepa, ndipo ndimawayankha kuti palibe.

Choyamba, fufuzani kuti wolankhulayo akutsata madhhab ati, kutanthauza njira ya maimamu akale yomvetsera malamulo a Chisilamu. Asilamu ambiri kuno ku Malawi ndife a Shafi'i, poti Chisilamu chinafika kwa Ayao ndi ku Nkhotakota kudzera mwa amalonda a Chiswahili ochokera kugombe. Abale athu ambiri achimwenye, monga a ku Limbe, ndi a Hanafi. Onsewa akuwerenga ayah (ndime) imodzi ya m'Qur'an, Surah 5:6, koma Imam Shafi'i anaimva kuti ikunena kukhudza kwenikweni, pamene Imam Abu Hanifa, yemwe a Hanafi amamutsata, anati ikunena za kukhala malo amodzi. Pa nkhani ya magazi amasinthana: kwa a Hanafi magazi akayenderera pabala wudhu waonongeka, kwa a Shafi'i ayi.

Kenako onani kukula kwa nkhaniyo. Swala zisanu, kusala Ramadhan, kuletsedwa kwa mowa ndi nkhumba, apa madhhab onse anayi ndi amodzi. Wokuuzani zina pa zimenezi musamumvere. Kusiyana kumakhala pa tinthambi, monga Qunut (pempho lowerengedwa chiimirire) pa Swala ya m'bandakucha ya Subhi, kapena zakaat (chopereka cha pa chuma) ya ndolo ndi zibangili zagolide zomwe mayi amavala.

Pofunsa, nenani zonse. Fatwa ndi yankho la shehe lopita kwa munthu wina, pamalo ena, ndipo vidiyo ya mphindi ziwiri sikudziwani inuyo. Imam Shafi'i mwini wake atachoka ku Iraq kupita ku Egypt, komwe anamwalirira mu 820, anasintha maganizo ake pa nkhani zingapo. Choncho pitani kwa shehe wophunzira bwino, wodziwa moyo wa kuno, mumufunse modzichepetsa kuti, "Shehe, umboni wake ndi uti, ndipo alipo ena amene anaona mosiyana?" Wozama sakwiya ndi funso limeneli. Amene amathamangira kutchula anzake kuti ndi osokera, ine ndimamuopa.

Chimene ndimaletsa kwambiri ndi kutolatola zopepuka. Tiyerekeze mwachita wudhu, mwakhudza akazi anu, kenako mwadzicheka ndi lezala magazi n'kuyenderera. Mukuti pa kukhudza ndine Hanafi, pa magazi ndine Shafi'i. Swala imeneyo maimamu onse awiri akanakuuzani kuti mwaswali opanda wudhu. Gwirani njira imodzi. Kuchokapo kukhale pa vuto lenileni, monga pa tawaf (kuzungulira Ka'aba) ku Makka pomwe kukhudzana sikupeweka, ndipo shehe wanu akhale atakulangizani.

Zapagulu zitsatireni pagulu. Imamu akawerenga Qunut, imani naye; akaisiya, Swala yanu ili bwinobwino. Maswahaba (otsatira Mtumiki a m'nthawi yake) popita kwa Banu Qurayza, fuko la Ayuda la ku Madina, anasiyana, ena anaswali Asr (Swala ya chakumadzulo) panjira, ena anadikira mpaka kufika, ndipo Mtumiki (SAW) sanadzudzule gulu lililonse. Mkangano wa magulu a Asilamu a Qadiriya ndi a Sukuti pa za sikiri (kutamanda Allah mokweza pagulu) pamaliro ndi wakale kuposa ine ndi inu, sudzathera pasiwa. Ngati simugwirizana ndi sikiri, khalani chete, nyamulani jeneza (chithatha cha maliro), thirani dothi, mafunso anu mukafunse kumadrasa mawa lake.