Gumboro ku Salima: chifukwa chake anapiye otemera amafabe

Anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi akayamba kuunjikana pakona, nthenga zitanyankhalala, akutsegula m'mimba zoyera zamadzimadzi zomata kumbuyo, ena akudzijompha kotulukira zitosi, ganizirani za Gumboro musanathamangire kunena kuti ndi chitopa. Chitopa chimagwira nkhuku za msinkhu uliwonse, zitosi zimabiriwira, zina zimapinda khosi. Gumboro amasankha ana. Amabwera mwadzidzidzi, imfa zimachuluka pa tsiku lachitatu ndi lachinayi, pofika sabata imodzi zatha zokha. Apa m'pamene alimi ambiri amanamizika, poyesa kuti mankhwala amene anathira m'madzi ndiwo achiza, chonsecho matendawa ndi a vayirasi ndipo alibe mankhwala.

Dzinali ndi la tauni ya Gumboro ku Delaware, m'dziko la America, kumene matendawa anaonekera koyamba mu 1957. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ku Ulaya kunabuka mtundu wina waukali kwambiri umene unafalikira mpaka ku Africa kuno. Mtundu umenewu umatha kupha theka la khola kapena kuposerapo, ndipo anapiye a nkhuku za mazira amafa kwambiri kuposa mabroila.

Mlangizi wa ziweto akatumbula mwanapiye wakufa amayang'ana kathumba kamene kali pamwamba pa kotulukira zitosi, mkati. Pa Gumboro kamakhala kotupa, kokutidwa ndi zinthu zachikasu zoterera, nthawi zina kodzaza magazi. M'minofu ya ntchafu ndi ya pachidali mumakhala timadontho ta magazi, impso zotuwa. Kathumbaka ndi kamene kamakonza chitetezo cha mwanapiye. Kakawonongeka masabata atatu asanakwane, mwina simuona imfa konse, koma gululo limakhala lonyentchera, lodwaladwala, ndipo katemera wa chitopa sagwira bwino. Musazengereze kuitana mlangizi, chifukwa pakatha masiku asanu ndi atatu kathumbako kamakhala katafota. Pofuna kutsimikiza, angathe kutumiza kathumbako ku Central Veterinary Laboratory, malo oyezera matenda a ziweto ku Lilongwe.

Tsopano za katemera, pakuti vuto lenileni lagona apa. Mwanapiye amaswedwa ali ndi chitetezo chochokera kwa make kudzera m'dzira. Mukatemera molawirira, chitetezocho chimapha katemerayo asanagwire ntchito. Mukachedwa, chatha kale ndipo matenda alowa. N'chifukwa chake ndondomeko zambiri zimati mupereke pa tsiku la 14 ndi kubwereza pa tsiku la 21. Funsani kumene mwagula anapiye tsiku limene iwo amalangiza komanso mphamvu ya katemera woyenera, poti makolo a anapiyewo amawadziwa ndi iwowo. Katemera wa chitopa wa I-2 wodonthezera m'diso sateteza ku Gumboro, ngakhale ena amaganiza choncho.

Katemera wa Gumboro wothira m'madzi akumwa ndi wamoyo, ndipo amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Kabotolo koyenda m'thumba la malaya pa minibasi kuchokera ku Lilongwe, kenako pa kabaza kuchoka pa Kamuzu Road mu Okutobala, kamafika kunyumba katafa ngakhale kakuoneka bwinobwino. Tengani fulasiki ya ayezi popita kukagula, ndipo funsani wogulitsa kuti filiji yake amatani nayo magetsi akazima. Akayankha mozungulira, kaguleni kwina.

Madzi nawo amapha katemera. A pampopi ali ndi klorini, chimodzimodzi othira WaterGuard. Tungani a pamjigo, kapena a pampopiwo muwasiye m'ndowa yosavundikira masiku awiri. Zomwera zikhale zapulasitiki, zotsukidwa ndi madzi okha popanda sopo. Pa lita iliyonse sungunulani magalamu awiri a mkaka waufa wopanda mafuta, pafupifupi kasupuni ka tiyi, mudikire mphindi khumi, kenako mutsegulire kabotolo mkati mwa madzimo. Anapiye 100 a masiku 14 amafuna lita imodzi ndi theka. A masiku 21, malita awiri ndi pang'ono. Ngati kabotolo ndi ka anapiye 1,000, kasungunuleni konse m'malita 15 pa tsiku la 14, kapena m'malita 21 pa tsiku la 21, ndi kupimapo gawo lanu. Otsalawo sagona. Nzeru ndi kugwirizana ndi anzanu oyandikana nawo amene anagula anapiye tsiku limodzi, mugawane nthawi yomweyo.

Temerani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Mabuku amati muchotse madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti anapiye amve ludzu. Kutentha kwa kunyanja kuno ola limodzi lakwana. Onjezerani zomwera kuti ofooka asatsale, muziwadzutsa ogona, ndipo madzi athe pasanathe maola awiri. Anapiye odwala kale musawatemere.

Matenda akagwa, apatseni madzi ozizira a mavitamini ndi gulukosi, khola lizipita mphepo, akufa muwakwirire mozama kapena muwatenthe, osaponyera agalu. Anthu satenga Gumboro, koma amamunyamula ku nsapato, m'matumba a chakudya ogwiritsanso ntchito ndi m'madengu a mavenda oyenda khola ndi khola. Venda azithera pachipata.

Kachilomboka n'kolimba, kamakhala m'khola miyezi inayi nkhuku zitachoka. Mankhusu a mpunga kapena utuchi wogonera muchotse wonse, upite kumunda wakutali ndi khola. Tsukani ndi sopo kaye, chifukwa mankhwala othira pa zitosi zouma amangotayika, kenako mupopere a ayodini kapena a klorini monga pepala lake likunenera, ndipo khola likhale lopanda nkhuku masabata awiri. Pansi pa dothi sipatsukika. Palani dothi la pamwamba, ndipo ndalama ikapezeka muike simenti musanaonjezere chiwerengero cha anapiye.