Patsani malovu mpata wokonza mano

Alimi a kuno ku Chipata mukudziwa kuti dothi likachuluka asidi timathira laimu. M'kamwa namonso asidi amawononga, koma laimu wake ndi malovu anu omwewo.

Chikuto choyera cha dzino, chimene madokotala amati enamel, ncholimba kuposa fupa. Magawo 96 pa 100 alionse ndi michere yolimbitsa mano ndi mafupa yotchedwa calcium ndi phosphate. Mukamwa tiyi wa shuga kapena kutafuna nzimbe, tizilombo tokhala m'zonona zomatirira pamano timadya shugayo n'kutulutsa asidi. Muyeso wa asidi, pH, umatsika asidi akamachuluka, ndipo ukatsika kupitirira 5.5, chikutocho chimayamba kusungunuka. Zakumwa za kola zili cha pa 2.5, choncho sizidikira n'komwe tizilombo. Bwemba, malambe ndi mandimu nazonso n'chimodzimodzi. Mano akayayamira, dziwani kuti asidi wagwira.

Apa m'pamene malovu amalowerera. Munthu amatulutsa pafupifupi lita imodzi patsiku, ndipo muli bicarbonate, m'bale wake wa soda uja timathira m'therere. Amazimitsa asidi, kenako n'kubwezera calcium pamene panakokoloka. Koma ntchitoyi imafuna theka la ola, mwina ola lathunthu.

Ndiye taganizani za mayi wogulitsa tomato pamsika wa Kapata, botolo la chakumwa chozuna lili pambali, akupsontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka masana. Iye akuti akusunga ndalama. Kumano kwake asidi sakuchoka, malovu akangoyamba kukonza iye wapsonthanso. Bola akanamwa lonse nthawi imodzi pa chakudya. Mwananso chimodzimodzi: ngati mwamugulira maswiti, adye akangotha nsima, osati kumangomyamyata limodzilimodzi tsiku lonse.

Mukadya zowawasa, chukuchani m'kamwa ndi madzi, ndipo musathamangire mswachi chifukwa chikuto chimakhala chitafewa. Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo. Tsukani mano kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, yemwe amalimbitsa chikuto cha dzino, mulavule koma osachukucha, kuti atsalire pamano. Kutsuka kwa usiku ndiko sindifuna muphonye, pakuti mukagona malovu amachepa kwambiri. Khanda lisagone likuyamwa botolo la tiyi wa shuga.

Kwezani mlomo wa mwana pakuwala muone m'mbali mwa nkhama. Kadontho koyera ngati choko kangathe kulimbanso ndi malovu ndi fluoride. Pakabooka, enamel sameranso. Musathirepo mchere kapena kachasu, pitani naye kwa a mano ku Chipata Central Hospital kapena kuchipatala chapafupi dzino lisanayambe kuwawa.