Malangizo a kamangidwe ka zipupa ndi mtenje mu Harare: mvula, mphepo ndi cinyezi

Malangizo awa ndi a inu amene mumanga nyumba, kuwonjezela zipinda kapena kumanga kanyumba ka kuseli mu Harare, makamaka ngati nchito yomanga munaiphunzila ku Zambia. Salowa m'malo mwa pulani. Pulani iyenela kuvomelezedwa ndi khonsolo ya City of Harare motsatila Model Building By-Laws a mu 1977, ndipo woyendela nyumba wa khonsolo afunika kuona maziko musanathile konkile. A ku Chitungwiza, Epworth ndi Ruwa apite ku maofesi a kwao.

Mvula ya kuno siisiyana kwambili ndi ya ku Lusaka. Iyamba mu Novembala n'kuleka ca mu Malichi, ndipo pa caka imagwa yopitilila pang'ono mamilimita 800. Koma Harare ili pamwamba kuposa Lusaka, pafupifupi mamita 1,500, conco usiku wa mu Juni ndi Julayi umazizila zedi. Nyumba iloŵedwa ndi madzi kucokela pansi, m'mbali ndi pamwamba, ndipo ena amapangika m'kati momwemo.

Yambani ndi nthaka

Musagule pulotu mu Seputembala musanafunse anthu oyandikana nayo mmene imakhalila mu Febuluwale. Harare ili ndi madambo ambili, ndipo m'madela ena a Budiriro ndi Chitungwiza muli nyumba zimene zimaloŵa madzi mvula ikaculuka cifukwa zinamangidwa m'dambo. Lamulo la Environmental Management Act licinjiliza madambo. Dambo la Monavale ndi lodziŵika ngakhale kunja kwa dziko. Dothi lakuda la m'dambo limafufuma likanyowa, likauma limang'ambika, cipupa naco n'kung'ambika. Palibe penti kapena mankhwala amene angacilitse nyumba yotelo.

Pulasitiki iŵili imene simudzaionanso

Pansi pa silabu yalani pulasitiki yocindikala, ya 250 micron, pamwamba pa mcenga wosalala kuti miyala isaiboole. Pamene mapepala aŵili akumana, apitililane bwino ndipo muwamate ndi tepu.

Yaciŵili ndi DPC, lamba wakuda wogulitsidwa m'mipukutu, amene agonekedwa pa mzele wa njelwa pansi pa cipupa. Njelwa imakoka madzi a m'nthaka monga mmene cingwe ca nyale cimakokela palafini, ndipo DPC ndiyo imadula njila imeneyo. Ikhale mamilimita osacepela 150 pamwamba pa nthaka ya panja, imeneyo ndi mizele iŵili ya njelwa. Ikwane m'lifupi monse mwa cipupa: ya 230 pa cipupa cakunja, ya 115 pa ca m'kati. Polumikiza ndi pa makona, ipitililane mamilimita 150.

Apa ndi pamene nyumba zambili zionongekela, osati cifukwa DPC inaiwalika, koma cifukwa inalumphidwa. Wopaka pulasitala amatsitsa pulasitala yake mpaka m'dothi, madzi n'kukwela kudzela m'pulasitalamo. Dulani mzele pa pulasitala pamene DPC yadutsa. Kenako abwela amayi a panyumba ndi dimba la maluŵa kapena la lepu logundana ndi cipupa, dothi n'kukwilila DPC, ndiye kuthilila tsiku ndi tsiku. Wina amaika mapeving okwela kuposa pansi pa nyumba. Mukaona penti ikusupuka m'munsi mwa cipupa, ndi ufa woyela ngati mcele mpaka cha m'mawondo kapena m'ciuno, yang'anani panja coyamba, musathamangile kugula penti ina.

Kuzungulila nyumba thilani konkile ya m'lifupi mita imodzi, yotsetseleka pang'ono kucoka ku cipupa. Durawall nayo, mpanda wa konkile wozungulila pulotu, siyani mipata m'munsi mwake kuti madzi a pabwalo azituluka kupita ku ngalande, osati kwa aneba.

Cipupa

Ku Lusaka tinazoloŵela mabuloko a simenti a 6 inchi. Kuno ambili amamanga ndi njelwa zoocha, ndipo cipupa cakunja cikhale ca njelwa ziŵili, mamilimita 230. Ca njelwa imodzi cimapulumutsa ndalama lelo, koma mvula ya mkuntho imaciboola mpaka kuseli kwa wadilopu.

Njelwa zoumba pamanja, zimene kuno amati farm brick, sizifanana. Gundanitsani ziŵili: yopsa bwino imalila mokweza, yosapsa imamveka ngati mwagogoda dothi, ndipo imanyenyeka m'makona mukaikanda ndi msomali. Zosapsazo zisapite m'maziko. Nyowetsani njelwa musanamange kuti zisamwe madzi a m'matope a simenti, ndipo dzazani mipata yonse, makamaka yoimilila, imene amisili othamangila malipilo amakonda kuisiya yopanda kanthu. Ikani brickforce, waya wogoneka pakati pa njelwa wolimbitsa cipupa, pa mizele itatu kapena inayi iliyonse, ndi pamwamba pa zitseko ndi mawindo.

Pulasitala yakunja ikhale ya simenti gawo limodzi pa magawo 5 kapena 6 a mcenga woyela, yocindikala mamilimita 12 mpaka 15. Kuculukitsa simenti sikuilimbitsa, kumangoing'amba timing'alu timene madzi amaloŵela. Ithilileni madzi kwa mlungu wathunthu, makamaka mu Okutobala, ndipo musaipake penti isanaume bwinobwino.

Pansi pa windo, njelwa kapena konkile yapanja ituluke pang'ono, itsetseleke, ndipo ikhale ndi kamzele kokumba kunsi kwake kuti madzi adonthe pansi m'malo motsata cipupa.

Mtenje

Mtenje utuluke kunja kwa cipupa mamilimita 450 mpaka 600. Imeneyi ndi ndalama yogwilitsidwa nchito bwino kuposa ina iliyonse pa nyumba, cifukwa cipupa cimene mvula siicifika kaŵilikaŵili sicivuta.

Kutsetseleka kwa mtenje kudalila cofolelela. Malata a IBR, a mizele ya makona, amalola mtenje wogona mpaka madigili 5, malata wamba a mizele yozungulila afuna 10 kapena kuposa, ndipo matailosi a simenti afuna pafupifupi 17.5 ndi pulasitiki kunsi kwake. Onani pepala la wopanga, ndipo musatsike kuposa pamenepo. Ngati mungakwanitse, gulani lata limodzi lalitali locokela pamsonga mpaka m'mphepete. Ngati mulumikiza, lapamwamba likwele pa lapansi mamilimita osacepela 150, ndipo pa mtenje wogona 250. M'mbali, malata wamba apitililane mzele umodzi ndi hafu. Yambani kufolela ku mbali imene mphepo ya mvula imapita, kuti milomo ya malata isayang'ane kumene mphepo icokela.

Msomali kapena sikulu ikhomedwe pamwamba pa mzele, osati m'cigwa mmene madzi amayenda, ndipo ikhale ndi washa wa labala. Musalimbitse sikulu mpaka labala kuphwatalala. Mukatsiliza, sesani tizitsulo totsala poboola. Tikagona pamenepo, mvula yoyamba imatisandutsa madontho a nguwe pa lata latsopano.

Mangani matilasi, mitanda yonyamula mtenje, ku cipupa ndi waya wolimba kapena lamba wa citsulo woloŵa m'njelwa pafupifupi mamilimita 600 kutsika pansi. Miyala ndi matayala pamwamba pa malata sizigwila mtenje pa cimphepo.

Masiku ano anthu akonda mtenje wobisika kuseli kwa cipupa cokwela. Umaoneka bwino pa msewu, koma ndiwo umadontha kwambili, cifukwa madzi onse asonkhana m'gatala, ngalande ya pamtenje, ya m'kati, ndipo masamba a jakalanda akatseka paipi madziwo alibe kopita koma m'siling'i. Ngati mwaufunabe, gatala ikhale yaikulu, ikhale ndi kabowo kotulutsila madzi kunja ikadzala, cipupa civale cipewa ca konkile kapena ca lata pamwamba, ndipo lata lopinda la pamene mtenje ukumana ndi cipupa lilowe m'mzele wa njelwa. Kungomatapo simenti kapena phula sikupilila dzuŵa la zaka ziŵili.

Za magatala: milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Mtenje wa masikweya mita 100 ungatsitse malita pafupifupi 80,000 pa caka. Mu mzinda umene mipopi imauma masiku ambili, madzi amenewo apite m'thanki, osati m'maziko.

Malata akale a asbestos, amene ali pa nyumba zambili za ku Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, musawadule ndi gilainda kapena kuwakwecha ali ouma. Fumbi lake limaononga mapapo.

Madzi ocokela m'kati

M'maŵa wa mu Juni mungaone madontho akugwa kucokela ku malata kulibe mvula. Mtenje sunabooke. Mpweya wa anthu ogona, nthunzi ya mphika ndi ya madzi osamba zimakwela, zikagunda lata lozizila n'kusanduka mame. Yalani pepala lonyezimila la sisalation kunsi kwa malata pofolela, ikani siling'i, ndipo siyani timipata totsekedwa ndi sefa m'mphepete mwa mtenje kuti mphepo izidutsa pamwamba pa siling'i popanda mileme ndi makoswe kuloŵa. Pepalalo lithandizanso pa kutentha kwa mu Okutobala.

Cipinda ciliconse cikhale ndi windo lotseguka ndi njelwa za maboo pamwamba, makamaka bafa ndi khichini. Musazitseke ndi nyuzipepala kukazizila, pakuti cuku wakuda amene amamela m'makona amayambila pamenepo. Mbaula ya malasha isagone m'cipinda cotseka: utsi wake wosaoneka, wosanunkha, umapha anthu ali m'tulo. Mipando ndi mawadilopu muzisunthe pang'ono kucoka ku cipupa cakunja, mpata wokwana dzanja.

Mu Okutobala, mvula isanayambe, kwelani pa mtenje: cotsani masamba m'magatala, sinthani mawasha ong'ambika, ndipo pondani pa mzele wa misomali pamene pali thabwa kunsi, osati pakati pa lata.