Momwe mungafufuzire mbiri ya agogo anu amene anamenya nkhondo mu KAR

M'mabanja ambiri muli sutikesi yachitsulo imene pansi pake pali mendulo yochita dzimbiri, koma mukafunsa kumene mwini wake anakamenyera, yankho limangokhala loti "ku Bama". Aamuna athu ambiri analowa gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR), ndipo mbiri yawo ikupita kumanda pamodzi ndi okalamba. Yambani msanga.

Choyamba, khalani pamphasa ndi azakhali kapena agogo amene adakalipo, foni ikujambula mawu. Musawafunse chaka, simupindula kanthu. Afunseni kuti amfumu anali ndani nthawi imeneyo, msilikaliyo anakwerera sitima kuti, anabwera ndi chiyani. Akati "nkhondo ya Chiwaya", dziwani kuti ndi ya 1914 mpaka 1918, ija inafika ku Karonga mu Seputembala 1914. Akatchula Abyssinia, Madagascar kapena Burma, ndi yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945.

Kenako itengeni mendulo ija muyiyang'ane m'mphepete pa dzuwa. Zambiri za nkhondo yoyamba zinadindidwa nambala ndi dzina la msilikali. Za nkhondo yachiwiri, monga Burma Star, nthawi zambiri zilibe dzina, choncho sakani chikalata chimene anapatsidwa potuluka usilikali. Nambalayo ndiye chuma. Musakwecheze menduloyo ndi mchenga kapena phulusa, mungafute zilembo.

Pa dzina mpamene ambiri amasokera. Azungu ankalemba monga amvera, ndipo anyamata ena ankalembetsa dzina la bambo awo kapena lina longodzipatsa. Lembani maina onse amene agogowo ankadziwika nawo, mudzi, mfumu, ndi boma m'dzina lake lakale: Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald.

Mukasonkhanitsa zimenezi, pitani ku National Archives ku Zomba mukapemphe mafayilo a boma lakwanu. Muli komweko, fikaniko pa chipilala cha KAR pafupi ndi Cobbe Barracks mukawerenge maina. Ngati agogowo sanabwerere, lembani dzina kapena nambala pa tsamba la intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a omwe anafera ku nkhondozi, kufufuzako n'kwaulere.

Mukapanda kuwapeza, musaganize kuti akuluakulu anakunamizani. Amtengatenga, amene ankasenza katundu wa nkhondo pamutu mpaka kufa ndi njala ndi kamwazi, ambiri sanalembedwe paliponse. Bungwe lomwelo linavomera mu 2021 kuti Aafirika ochuluka sanakumbukiridwe ndi maina awo. Ine zimenezi zimandiwawa, n'chifukwa chake ndimati mawu a agogo aakazi ndi umboni wokwanira.

Zonse mwapezazo zilembeni m'kope, mujambule zithunzi, mutumizire abale. Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene akuluakulu akuika nkhata za maluwa pa zipilala ku Zomba ndi ku Lilongwe, inu itanani ana pakhonde, muwagwiritse menduloyo m'manja, muwatchulire dzina lonse la mwini wake.