Potumiza zithunzi ku kabuku kosonkherana

Ojambula angapo akagwirizana kutulutsa kabuku kamodzi, aliyense amapatsidwa masamba owerengeka. Mkonzi akapempha zithunzi zisanu, tumizani zisanu basi, ndipo zikhale za nkhani imodzi: zonse za pamilatho yamatabwa ya kumsika wa Tsoka, kapena zonse za akabaza a ku Area 25. Ukwati apa, dzuwa likulowa apo, mwana wanu pakati, mkonzi asowa poyambira.

Ambiri amagwa pa kukula kwa fayilo. Osindikiza amafuna 300 dpi, kutanthauza timadontho ta chithunzi (mapikiselo) 300 pa inchi iliyonse. Tsamba la A5 ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, ndipo chithunzi chodzaza tsamba chimafunika kupitirira m'mphepete ndi mamilimita 3 mbali zonse, chifukwa mpeni wodulira mapepala sudula ndendende. Mukawerengera, pamafunika mapikiselo 1819 ndi 2551. Foni ya 12 megapixel imatulutsa pafupifupi 4000 ndi 3000, ndiye kamera yokwera mtengo si yofunika kwenikweni. Chowononga ndi njira yotumizira. WhatsApp imafinya chithunzi mukachitumiza mwachizolowezi. Pafoni chimaoneka bwinobwino, papepala nkhope n'kutuluka zamabokosimabokosi. Tumizani ngati Document, kapena ikani pa Google Drive. Chotsitsa pa Facebook n'chimodzimodzi, musachiyese. Fufuzani fayilo yoyambirira, JPEG yosafinyidwa kwambiri kapena TIFF, ndipo musaikepo dzina lanu pakona. Dzina lili ndi malo ake m'bukumo.

Mutu wa munthu kapena chikwangwani chisakhale kumphepete kwenikweni, chidzadulidwa. Chithunzi chopingasa masamba awiri chisakhale ndi nkhope pakati, msoko udzaimeza.

Sikirini imawala yokha, pepala ayi, n'chifukwa chake zithunzi zimatuluka zakuda kuposa momwe mumazionera. Chepetsani kuwala kwa sikirini mpaka chapakati musanayambe kukonza, kenako walitsani pang'ono malo amthunzi, makamaka pankhope zojambulidwa masana dzuwa lili paliwombo. Inki zinayi za makina osindikizira, zotchedwa CMYK, sizifikira mitundu ina yomwe sikirini imaonetsa: maluwa a jakaranda ndi buluu wowala wa pachitenje zimazilala. Siyani fayilo mu sRGB, dongosolo la mitundu ya pa sikirini, pokhapokha osindikiza atanena china, koma umirirani kuona tsamba limodzi loyesera, pa pepala lenilenilo, onse asanasindikizidwe.

Fayilo iliyonse ipatseni dzina lanu ndi nambala, ndipo mawu ofotokoza chithunzi (malo, chaka, chomwe chikuchitika) alembeni padera. Munthu wooneka nkhope bwino muuzeni kuti akalowa m'buku, avomere. Kwa mwana, funsani makolo. Za ku Kamuzu Barracks kapena pachipata cha State House zisiyeni.

Umwini wa chithunzi umakhalabe wanu pokhapokha mutausainira kwa wina. Gwirizanani polemba kuti mwalola kabuku kano kokha, makope angati, ndi kuti inuyo mulandira angati.