Boti linkanjenjemera, vuto silinali injini

Boti langa ndinagula kwa mkulu wina ku Mangochi, lakalekale ndithu koma injini yolira bwino. Ndi la V-drive, injini ili kumbuyo koma yoyang'ana chammbuyo, mphamvu imapita kutsogolo ku giyabokosi kenako shafiti nkubwerera pansi pa injini mpaka ku pulopela. Tsiku loyesa nyanja inali ndi mafunde ndiye sindinamve kanthu, kupusa kwanga kunali pomwepo.

Mawa lake madzi ali bata, ndangoonjezera moto pang'ono, aaa pansi ponse njenjenje mpaka botolo la Fanta kuyenda lokha pampando.

Ndinayamba nkuika pa nyutulo nkuponda moto, zii osanjenjemera. Apo ndinadziwa kuti injini ilibe mlandu, vuto lili kuyambira ku giya kupita kumunsi. Titalikweza pa ngolo ndinaona phiko limodzi la pulopela lapindika pang'ono kunsonga, mwina linagunda mwala, tinakaliwongoletsa koma kunjenjemera kunangochepa osatha.

Chinatsala ndi kapulingi, pomwe shafiti imamangidwa ku giyabokosi ndi mabawuti. Ndinamasula mabawuti, nkulowetsa feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, pakati pa kapulingi mbali zonse zinayi, mbali ina mpata unali waukulu kuposa 0.003 inchi yomwe imaloledwa. Ma mounting awiri, pomwe injini imakhalira, anali atakhala pansi, labala yotheratu. Ndinawasintha, boti nkulibweza m'madzi kaye chifukwa pa ngolo thupi lake limapindika, ndiye nkumakweza injini pang'onopang'ono mpaka mpata unafanana. Masana onse anathera pamenepo, msana kuwawa.

Chinanso, boti likamakokera mbali imodzi pa rivesi musadandaule, maboti a shafiti amatero, ine ndinangozolowera pokocheza.