Gasketi ikudontha: mukonze nokha pakhomo kapena mupite kwa makaniko?

Mwadzuka mwapeza madontho a oyilo pomwe galimoto inagona, ndiye wina wakuuzani kuti ndi gasketi imeneyo, kanthu kaja kamakhala pakati pa zitsulo ziwiri za injini kuti oyilo kapena madzi asatuluke. Chabwino, koma gasketi yake iti? Pali ina yoti mutha kusintha nokha Loweruka m'mawa, pali inanso yoti ngati mwangoyamba kumene kugwira sipanala musaiyerekeze.

Choyamba pukutani injini ndi sanza yonyika mu palafini, muyende nayo tsiku limodzi kenako muone pomwe panyowanso. Oyilo amatsetserekera pansi ndiye osamangoyang'ana pomwe akudonthera, fufuzani malo apamwamba omwe akuyambira. Ngati ndi m'mphepete mwa chivundikiro cha pamwamba chija amakaniko amati tapeti kava, mtima pansi, ndi labala chabe yomwe yauma ndi kutentha. Nthawi zina mumamva fungo la oyilo wopsa akadonthera pa eksozi, kapena mumapeza oyilo m'maenje a mapulagi.

Chachiwiri onetsetsani kuti si gasketi ya hedi (chitsulo cha pamwamba pa injini chomwe tapeti kava imavundikira) yomwe yapsa. Injini ikhale yozizira, chonde musatsegule rediyeta yotentha, madzi ake amathovokera kumaso. Solorani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, ngati oyilo akuoneka ngati tiyi wothira mkaka ndiye kuti madzi alowa. Zizindikiro zina ndi utsi woyera wosatha ngakhale injini yatenthera, madzi kumangotha osaona pomwe akutayikira, thovu mu rediyeta komanso geji ya kutentha kumakwera. Mukaona izi siyani kuyendetsa, itanani makaniko. Ntchito yake pamafunika kuchotsa tcheni kapena lamba wa timing (amene amachititsa kuti mavavu aziyenda mogwirizana ndi mapisitoni), hedi ya aluminiyamu imapindika galimoto ikawira ndiye imafunika kukapalidwa pa makina, ndipo mabauti ake amamangidwa motsatana pogwiritsa ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Mukaphonyetsa timing mavavu atha kugundana ndi mapisitoni, ndalama zake mpamene mungalire.

Tsopano ngati ndi tapeti kava, tiyeni. Nditengera injini ya 1NZ-FE yomwe ili mu Sienta, Probox ndi ma Corolla ambiri. Gulani gasketi yatsopano, pitani ndi nambala ya injini osagula mongoyerekeza. Chotsani waya wa negetivu pa batire, jambulani pa foni momwe mapaipi ndi mawaya akhalira musanazule kalikonse, kenako chotsani makoyilo onse 4 omwe amakhala pamwamba pa mapulagi ndi mabauti a kava ndi soketi ya 10. Ikakanirira imenyeni pang'ono ndi chikhatho, osaitokosa ndi sikuludilaiva mungakande hedi. Pukutani m'mphepete monse pakhale pouma, ndipo samalani mchenga usagweremo, pamtetete pomwe pakuwomba fumbi si pogwirira ntchito iyi.

Lowetsani gasketi mu kamsewu kake, silikoni ndi kadontho chabe pomwe kava ya timing ikumana ndi hedi. Ambiri amapaka silikoni ponseponse, zotsalira zimagwera mkati n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo.

Pomanga mpomwe ine ndinalakwitsa ulendo woyamba, ndinkaganiza kuti kumangitsa ndiye sipadontha, bauti inangoti thyo n'kutsalira mkati, zinandipweteka mtima kwambiri. Mabauti amenewa amafuna mphamvu yochepa, pafupifupi 10 Nm pa torque wrench, yambani apakati kupita kunja, pang'onopang'ono mobwereza. Mukatha bwezerani makoyilo, mapaipi ndi batire, lizani injini mphindi 10 mukuunika m'mphepete monse ndi tochi, muonenso levulo ya oyilo mawa lake.